Matthew Lipman ndi Bwalo la Ana a Sukulu

Ku dziko la America kunali mphunzitsi wina dzina lace Matthew Lipman. Iye anabadwa m'caka ca 1923 ku Vineland, m'cigawo ca New Jersey. Ali mnyamata analowa usilikali, namenya nao nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ku Europe. Nkhondo itatha anabwerera ku maphunziro, ndipo patapita zaka anakhala mphunzitsi pa sukulu yaikuru ya yunivesite yochedwa Columbia, mu mzinda wa New York.

Phunziro limene iye anali kuphunzitsa dzina lace ndi filosofi. Liu limeneli linacokera kwa Agriki, ndipo tanthauzo lace ndi kukonda nzeru. Munthu akafuna kudziwa kutalika kwa munda atenga muyeso nayesa; akafuna kudziwa kucuruka kwa mbuzi za m'khola angoziwerenga. Koma alipo mafunso ena amene muyeso suwafika. Kodi cilungamo n'ciani? Kodi bodza liri loipa nthawi zonse, ngakhale lonenedwa pofuna kupulumutsa munthu? Nanga munthu adziwa bwanji kuti cimene acikhulupirira ciri coona? Mafunso otere ndiwo a filosofi. Palibe buku limene linatsiriza kuwayankha, komabe mayankho ace sali ofanana onse. Yankho lina liima pa cifukwa colimba, lina pa cifukwa cofooka, ndipo nchito ya filosofi ndiyo kusiyanitsa ziwirizi.

Ophunzira a Lipman anali anyamata ndi atsikana osinkhuka, amene anapambana mayeso ambiri asanafike pa Columbia. Anali odziwa kuwerenga, odziwanso kusunga m'mutu zimene anawerengazo. Koma mphunzitsi wao anaona kanthu kamene kanamsowetsa mtendere: ambiri a iwo anali ofooka pa kupereka zifukwa. Munthu wotere adziwika msanga. Akafunsidwa kuti, "Cifukwa ninji uganiza cotero?" iye angobwereza mau ace oyamba aja, koma mokweza.

M'mwezi wa April 1968 pa Columbia panabuka cipolowe. Ophunzira anakwiya ndi nkhondo imene dziko lao linali kumenya ku Vietnam. Anakwiyanso cifukwa akuru a sukulu anayamba kumanga nyumba ya masewera pa malo opumulirapo anthu onse pafupi ndi Harlem, kumene kunali kukhala anthu akuda ambiri. Tsono analowa m'nyumba zina za sukulu nadzitsekera m'katimo kwa masiku monga 7, kufikira apolisi anawaturutsa ndi mphamvu, nagwira anthu oposa 700. Madandaulo a ophunzirawo sanali acabe ai. Cimene cinamvetsa Lipman cisoni ndi cakuti anthu ophunzira cotere, ana ndi akuru omwe, analephera kukhala pansi ndi kuyesa zifukwa za wina ndi mnzace. Pamenepo anatsimikiza mtima kuti kuyamba kuongola kaganizidwe ka munthu ali ndi zaka 18 ndiko kucedwa. Akale anati mmera mpoyamba. Nchito imeneyi inayenera kuyambira ku sukulu ya ana.

Maganizo amenewa anali acilendo masiku amenewo. Jean Piaget wa ku Switzerland, munthu wochuka pa kupenda nzeru za ana, anaphunzitsa kuti mwana sakhoza kulondola bwino maganizo a zinthu zosaoneka ndi zosagwirika kufikira atakwanitsa zaka 11 kapena 12. Ndiponso filosofi anthu anaiyesa phunziro la akuru a ndebvu zao, lolembedwa m'mabuku olemera ndi mau obvuta. Lipman anadziwa kuti mwana sangawerenge mabuku otero. Koma anadziwanso kuti palibe mwana wokana nthano. Motero m'caka ca 1969 analemba kabuku ka nthano, nakacha dzina lakuti Harry Stottlemeier's Discovery, ndiko kunena cimene Harry Stottlemeier anatulukira. Dzina la mnyamatayo analipanga mocenjera, pakuti munthu akalichula msanga m'Cingerezi limveka ngati Aristotle, Mgriki amene anayamba kulemba malamulo a kaganizidwe koongoka zaka zoposa 2,300 zapitazo.

Nthanoyo iyamba ndi Harry ali m'kalasi, thupi lokha, mtima uli kwina. Mphunzitsi anali kuphunzitsa za zinthu za kuthambo, ndipo mwadzidzidzi anamfunsa dzina la cinthu ca mcira wautali cimene cizungulira dzuwa. Harry anakumbukira kuti mapulaneti onse, ndiwo maiko onga dziko lapansi lino, azungulira dzuwa. Motero anayankha kuti cinthuco ndi pulaneti. Anzace anaseka, pakuti yankho loona linali nyenyezi ya mcira ya Halley. Nyenyezi imeneyi ioneka kamodzi pa zaka monga 76. Inaoneka mu 1910 ndi mu 1986, ndipo idzaonekanso mu 2061, pamene ana a sukulu a lero adzakhala ali makolo.

Pobwerera kwao Harry sanaleke kudzifunsa pamene anaphonya. Potsiriza anaona kuti anatembenuza ciganizo cosayenera kutembenuzidwa. Mapulaneti onse azungulira dzuwa, inde. Koma si zonse zozungulira dzuwa ziri mapulaneti. Citsanzo ca pafupi ndi ici: mbuzi zonse ndi nyama, ndipo aliyense abvomereza, koma wina akati nyama zonse ndi mbuzi, ngakhale mwana wa kumsana amseka. Harry anakondwa kwambiri, nayesa kuti wapeza lamulo la ziganizo zonse, lakuti coona cikatembenuzidwa cisanduka bodza. Anathamangira mnzace wina, mtsikana dzina lace Lisa, namuuza kuti anene ciganizo ciri conse aone. Lisa ananena ciganizo ca mtundu wina, coyamba ndi liu lakuti palibe. Ciganizo cotere cikhala coona mbali zonse ziwiri: palibe mbuzi imene iri nkhuku, ndipo palibe nkhuku imene iri mbuzi. Lamulo la Harry linagwa pomwepo. Anacita manyazi, koma atalingaliranso analikonza, naona kuti ziganizo za "onse" ziyenda njira yao, za "palibe" njira yaonso.

Pa nthano yonseyo mbali yokoma kopambana ndi ya Lisa. Harry akadakhala yekha akadapita kwao ndi lamulo lopunduka, nalikhulupirira moyo wace wonse. Mnzace ndiye anaona bowo limene mwini wace sanalione, ndipo anacita ici popanda mphunzitsi kulowererapo. Apa ndipo pagona ciphunzitso conse ca Lipman: mwana aphunzira kuganiza pamene maganizo ace aturuka kunja, nagundana ndi a anzace.

Kapena wina angati, "Za mbuzi ndi nkhukuzi ndi masewera cabe, phindu lace n'lotani?" Phindu lace lioneka pamene kutembenuza komweku kwagwera munthu. Anthu m'midzi anena kuti mfiti ziyenda usiku. Tsono nkhalamba ina imene tulo tayicokera cifukwa ca kuwawa kwa miyendo ioneka pa khomo pace pakati pa usiku, ndipo kukaca mbiri yawanda kale kuti agogo aja ndi mfiti. Ngakhale munthu atabvomereza mau oyambawo, aciwiriwo satsatapo ai. Woyenda usiku angakhale mlenje, kapena mzamba woitanidwa kwa wodwala, kapena mai wofunira mwana wace mankhwala. Koma nkhalamba zambiri zapitikitsidwa m'midzi mwao, zina zatenthedwera nyumba, cifukwa anthu anaphonya pamene Harry anaphonya, ndipo panalibe Lisa wakuwabweza.

M'caka ca 1970 Lipman anatenga kabuku kace napita nako ku sukulu ya Rand, m'tauni ya Montclair. Kumeneko anawerenga nthanoyo pamodzi ndi ana a kalasi lacisanu, kawiri pa sabata, kwa masabata 9. Atawayesa pambuyo pace, anawo anaposa anzao amene sanalandire phunzirolo pa mayeso a kaganizidwe. Izi zinamlimbitsa mtima kotero kuti mu 1972 anasiya malo ace aulemu pa Columbia nasamukira ku Montclair State College, sukulu yosachuka kwenikweni. Mu 1974 iye pamodzi ndi mai wina wophunzira kwambiri, dzina lace Ann Margaret Sharp, anakhazikitsa bungwe lochedwa Institute for the Advancement of Philosophy for Children. Awiriwa anakonza nthano zina za ana a misinkhu yosiyana, kuyambira aang'ono a zaka 6, ndi mabuku othandiza aphunzitsi. Sharp makamaka anayenda m'maiko ambiri kukaphunzitsa aphunzitsi kayendetsedwe ka phunziroli.

Njira yao sinali yatsopano konse. Muzu wace uli mu mzinda wa Athens, kwa munthu wina dzina lace Socrates, amene sanalembe buku ngakhale limodzi. Mbiri yace inasungidwa ndi ophunzira ace, makamaka Plato. Socrates anali kuyenda pa msika ndi m'mabwalo a masewera, nafunsa anthu tanthauzo la mau amene iwo anali kuwachula tsiku ndi tsiku. Plato asimba kuti tsiku lina anafunsa mkuru wa asilikali kuti kulimba mtima n'ciani. Mkuruyo anayankha kuti ndiko kuima pa malo ako osathawa adani. Socrates anamkumbutsa za ankhondo amene amenya ali kubwerera m'mbuyo, ndi za anthu olimba mtima pa nyanja, pa matenda ndi pa umphawi, kumene kulibe mdani wa mkondo. Mkuru uja anaona kuti yankho lace linali lopapatiza, nayamba kufuna lina. Amai ace a Socrates anali mzamba, ndipo iye anafanizira nchito yace ndi yao: mzamba sabala mwana, angothandiza mwini mimba. Koma si onse anakondwa ndi mafunso ace. M'caka ca 399 Kristu asanabadwe anamzenga mlandu wa kusokeretsa anyamata ndi wa kusalemekeza milungu ya mzindawo, namlamula kumwa mankhwala akupha, ali ndi zaka monga 70.

Socrates kawirikawiri anali kufunsa munthu mmodzi, ena nangomvera. Lipman ndi Sharp anafuna kuti ana afunsane okha. Kalasi lotere analicha gulu la ofufuza pamodzi, potsata maganizo a anthu awiri a filosofi a ku America, Charles Peirce ndi John Dewey. M'Cinyanja liu loyandikira ndilo bwalo. Ana acotsa madesiki m'mizere yao nakhala mozungulira, kuti yense aone nkhope ya mnzace, ndipo mphunzitsi akhala nao pamodzi m'bwalomo. Awerenga nthano mokweza, molandizana. Atatha, mphunzitsi safunsa mafunso monga acita masiku ena; ana ndiwo anena zimene zawadabwitsa, ndipo iye azilemba pa bolodi, funso liri lonse ndi dzina la mwini wace. Kenaka asankha limodzi nayamba kukambirana.

Phunziro lotere lingayende motere m'sukulu iri yonse, ngakhale yopanda mabuku a Lipman. Mphunzitsi asimba za mai wina amene anasiyiridwa khasu ndi agogo ace. Caka cina mpini unathyoka, ndipo anasema wina. Patapita zaka citsulo cinatha ndi kulima, ndipo anagula cina kwa wosula zitsulo naciika mu mpini uja. Komabe maiyo ananena masiku onse kuti alima ndi khasu la agogo ace. Ana asankha funso lakuti, "Kodi khasulo likali la agogo aja?"

Mnyamata wina ayamba molimba mtima. "Iai, si la agogo. Palibe mbali imodzi imene agogowo anaigwirapo ndi manja ao."

Mtsikana wina akweza dzanja. "Ndifuna kufunsa mnzangayu. Tsiku limene anasintha mpini wokha, kodi linali la agogo?"

"Linali lao, pakuti citsulo cinali comweco."

"Tsono mpini watsopano uja unasanduka mpini wa khasu la agogo. Pamene anagula citsulo cina anaciika mu mpini wa khasu la agogo. Nanga linaleka tsiku liti kukhala lao?"

Mnyamata uja akhala duu. Wina amthandiza, nati, "Linaleka tsiku la citsulo. Khasu ndi citsulo. Mpini ndi mtengo cabe, upezeka pa chire liri lonse." Ena agwedeza mitu kubvomereza, ndipo nkhani ikhala ngati yatha. Apa mphunzitsi aponyapo funso limodzi: "Ana inu, kodi ciripo cinthu cina cimene mbali zace zonse zisintha, koma anthu acichabe comweco?"

"Mtsinje, aphunzitsi. Madzi a dzulo anapita, koma dzina la mtsinje silinasinthe."

"Mudzi wathu. Anthu amene anauyamba anamwalira onse, nyumba zao zinagwa, ndipo mudziwo unasamuka pa malo ace oyamba. Koma ukali mudzi womwewo."

"Ngakhale ine, aphunzitsi. Mano amene ndinali nao ndiri wamng'ono anaguluka, tsitsi anandimeta kambiri, thupi lakula. Kodi amai akandiitana aitana mwana wina?"

Ana aseka, koma kuseka kwace si konga kuja anamseka Harry. Ndipo kumbuyo kuli mwana wina wofatsa, amene masiku ena samveka liu lace konse. Iye ati, "Bwanji munthu akapita ku dzala, nakatola mpini wothyoka uja ndi citsulo cakutha cija, nazilumikiza? Pamenepo makasu ali awiri. La agogo ndi liti?" Kalasi lonse likhala cete, ndipo cete ameneyu mphunzitsi wanzeru samdula. Potsiriza mnyamata woyamba uja ati, "Ndasintha maganizo pang'ono. Ndiona kuti liu lakuti comweco liri ndi matanthauzo awiri. La ku dzala ndi lomwelo pa citsulo ndi mtengo. La amai aja ndi lomwelo pa nchito yace ndi pa mbiri yace." Mtsikana uja sakhutira, ndipo afuna kudziwa kuti mwa matanthauzo awiriwa lopambana ndi liti. Belu lilira asanagwirizane.

Anawo sadziwa kuti alowa m'nkhani yakale kwambiri. Plutarch, Mgriki wolemba mbiri, anasimba kuti anthu a ku Athens anasunga ngalawa ya ngwazi yao Theseus kwa mibadwo yambiri, nacotsa matabwa obvunda ndi kuikapo atsopano, kufikira anzeru a mzindawo anatsutsana ngati inali ngalawa yomweyo. Ndipo funso la mwana wofatsa uja, la kutola zakale ndi kuzilumikiza, analifunsanso Thomas Hobbes wa ku England m'zaka za m'ma 1600. Si kwacilendo kuti ana afike okha pamene akuru otere anafika, akapatsidwa mpata.

Tsono munthu wongodutsa pa zenera angayese kuti nthawi yapita cabe, popeza palibe yankho lolembedwa m'makope. Koma ayang'anitse zimene zacitika. Mnyamata woyamba sananene iai yekha, anaperekapo cifukwa. Mtsikana uja sanamtsutse ndi phokoso. Anamtsogolera ndi mafunso kufikira iye mwini anaona pamene mau ace anatsimphina. Ena anafuna zitsanzo zoyesera lamulo limene linaoneka ngati lolimba. Ndipo cacikuru pa zonse, mwana wanena pamaso pa anzace kuti wasintha maganizo, osacita manyazi, ndipo palibe amene anamuwowoza. Akuru ambiri afika ku manda osanenapo mau amenewa ngakhale kamodzi.

Nchito yobvuta m'bwalo limeneli ndi ya mphunzitsi. Iye anazolowera kukhala mwini mayankho, ndipo pakamwa pamyabwa pamene ana azungulira pafupi ndi cimene iye aciona poyera. Akangonena maganizo ace, bwalo latha, pakuti ana adzaleka kufuna coona nayamba kufuna cokondweretsa aphunzitsi. Koma liripo dzenje lina ku mbali inayo, ndipo ambiri agweramo. Ndilo la mphunzitsi amene ayamikira ciri conse cimene mwana anena, nati maganizo onse ndi abwino. Kumeneko ndi kuceza cabe kwa pa mphala. Lipman anafuna mphunzitsi wosaumirira yankho lace, koma woumirira kayendedwe ka nkhani: wofunsa kuti, "Cifukwa cako n'ciani? Kodi zimene wanenazi zigwirizana ndi zimene unanena poyamba? Ndani angapereke citsanzo cotsutsa?" Ayeneranso kuyang'anira kuti olongolola awiri kapena atatu asalande bwalo lonse, ndi kuti atsikana asaphimbidwe ndi anyamata. Aphunzitsi ena apereka kamtengo kapena mpira, nalamula kuti wolankhula akhale yekhayo amene waugwira. Kalasi likacuruka ana, aligawa m'timagulu poyamba, kenaka gulu liri lonse libweretsa mau ace pakati.

Ndiponso si phunziro liri lonse liyenera bwalo. 7 kucurukitsa ndi 8 ndi 56, ndipo ngakhale kalasi lonse litagwirizana kuti ndi 54, likhala litalakwa lonse. Masamu, kalembedwe ka mau ndi maina a mitsinje ziyenera kuphunziridwa monga mwa masiku onse. M'masukulu ambiri amene anatsata njirayi bwalo linali kukhala kamodzi pa sabata, kwa ora limodzi.

Makolo ena ali ndi nkhawa yoyenera kuimva. Iwo ati mwana wozolowera kutsutsa pa sukulu adzatsutsanso atate wace pa nyumba, ndipo ulemu udzatha. Nkhawa imeneyi ndi yomwe ija inaphetsa Socrates, ndipo siyenera kusekedwa. Kunena zoona, mwana wophunzira motere tsiku lina adzafunsadi akuru kuti, "Cifukwa ninji?" ndipo akuruwo sadzakondwa nthawi zonse. Koma amene anakhalapo pa bwalo la milandu m'mudzi adziwa kuti kutsutsa mau ndi kunyoza munthu ziri zinthu ziwiri. Pa bwalo wolankhula samdula pakamwa. Mboni aifunsa ngati inaona ndi maso kapena inangomva kwa ena. Nkhoswe ndi nduna zitembenuza mlandu uku ndi uku, ndipo mfumu ilankhula potsiriza, itamva onse. Anthu atsutsana kolimba pamenepo, koma aombera m'manja, nachulana maina aulemu. Bwalo la m'kalasi liphunzitsa mwambo womwewo. Kusiyana kwace n'kwakuti pa bwalo la mfumu ana angomvera ali patali, ndipo mlandu uyenera kutha ndi ciweruzo. M'kalasi ana ndiwo eni nkhani, ndipo palibe wolipitsidwa mbuzi. Kholo liyeneranso kukumbukira kuti mwana amene sanaphunzire kufunsa cifukwa sadzamfunsanso wonyenga amene adzamlonjeza kucurukitsa ndalama zace usiku umodzi, kapena womuitanira ku cipolowe cimene iye sadziwa ciyambi cace. Safunsa anadya phula.

Njirayi inafalikira m'maiko ambiri, ndipo nthano za Lipman zinamasuliridwa m'zinenero zambiri. M'caka ca 1990 nyumba ya BBC inaonetsa kanema wa Lipman ndi anzace ali kukambirana ndi ana a sukulu, ena a zaka 6 zokha. Aphunzitsi a ku Britain amene anaona kanemayo anacita cidwi, ndipo mu 1992 anayambitsa bungwe lao lochedwa SAPERE.

Nanga kodi phunziroli lithandizadi? Anthu ayesa kupima. Ku Clackmannanshire, m'dziko la Scotland, Keith Topping ndi Steve Trickey anatsata ana a zaka 10 kufikira 12 amene anakhala pa bwalo ora limodzi pa sabata kwa miyezi 16. Anawo anakwera pa mayeso a nzeru kuposa anzao amene analibe bwalo, ndipo atawayesanso patapita zaka 2, ali ku sekondale, phindulo linali lisanathe. Ku England bungwe la Education Endowment Foundation linayesa njirayi m'masukulu 48, ndi ana oposa 3,000, ndipo mu 2015 linalengeza kuti anawo anatsogola pa kuwerenga ndi pa masamu monga ngati anaphunzira miyezi 2 yoonjezera. Ambiri anakondwa ndi mbiri imeneyi. Koma bungwe lomwelo linayesanso kaciwiri m'masukulu 198, ndipo mu 2021 linanena kuti ulendo uno silinapeze kusiyana pa kuwerenga kapena pa masamu.

Wokonda njirayi akabisa kupima kwaciwiriku, nangochula koyamba, acita cimene bwalo liletsa, ndiko kusankha mboni zomkomera yekha. Motero mphunzitsi amene ayamba bwalo ndi ciyembekezo cakuti malikisi a masamu adzakwera angakhumudwe. Komabe Lipman sanasiye Columbia cifukwa ca malikisi a masamu. Cimene cinamsautsa mu 1968 cinali anthu okhoza mayeso koma osakhoza kumverana, ndipo pepala la kuwerenga ndi la masamu silinapangidwe kuti lipime cimeneco. Kupima ngati mwana waphunzira kudikira mnzace atsirize, kapena kunena kuti ndinalakwa, ndi nchito yobvuta kwambiri kuposa kuconga masamu.

Lipman anagwira nchito imeneyi pa Montclair zaka monga 30, nalembanso mabuku a akuru ofotokoza maziko ace. Ann Margaret Sharp anamwalira m'mwezi wa July 2010 ku Mexico, ndipo Lipman anamtsatira pa 26 December caka comweco ku West Orange, m'cigawo comwe cija ca New Jersey cimene anabadwiramo, ali ndi zaka 87.